Kandege kanatidyera fizi: mmene tinapezera thandizo kuno ku Mzuzu

Ndinadziwa za juga ya amuna anga tsiku limene a sukulu anabweza mwana wathu Tadala chifukwa cha fizi. Ndalamayo, K180,000 yomwe ndinakongola ku banki mkhonde, ndinali nditawapatsa bambo ake m'manja kuti akalipire popita kuntchito. Madzulo nditafunsa risiti, anayamba kupisa m'matumba a jekete ngati ataya kiyi. Kenako anakhala pansi n'kunena chamumtima, "Mayi a Tadala, kandege." Ankanena juga ija ya pa foni, yomwe umabetcha kandege kakuuluka, ndipo kakathawa usanatulutse ndalama zako, waluza.

Amuna anga ndi mphunzitsi. Samwa mowa, sasuta. N'chifukwa chake zinatenga chaka ndisakudziwa: woledzera umamumva fungo, koma wa juga amangooneka ngati akuwerenga uthenga pa foni.

Ndinayamba mmene tonse timayambira, kuitana ankhoswe. Anabwera kunyumba kwathu ku Chibavi, anawadzudzula mpaka tiyi kuzizira, iwo analonjeza. Pamenepo m'pamene zinaululika kuti khadi lawo la ku banki lili ndi munthu wa katapila. Ine pofuna kubisa manyazi ndinagulitsa firiji n'kubweza theka la ngongoleyo. Sipanathe sabata zitatu, anakakongolanso kwa yemweyo, poti tsopano anali kasitomala wodalirika.

Mnzanga wina wa kumpingo, namwino, ndi amene anati ndipite ku St John of God. Ndinakwiya. Kuno ukatchula dzinali anthu amati kwa amisala. Koma malowa, omwe anayambitsidwa ndi abale achikatolika, amathandizanso anthu ovutika ndi mowa, chamba ndi nkhawa, ndipo safunsa kuti umapemphera kuti. Ndinapita ndekha, m'mawa, nditatenga buku langa la kuchipatala, ndikuyang'anayang'ana kuti wondidziwa asandione.

Mlangizi amene ndinakumana naye sanayambe n'kufunsa za amuna anga. Anati, "Mayi, inuyo mukugona tulo?" Ndinalira. Nditatonthola anandifotokozera kuti juga yofika pamenepa ndi matenda, osati kusowa mwambo chabe: madokotala a ku America anaiika m'gulu limodzi ndi uchidakwa mu 2013, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO nalonso limaiwerengera pa matenda. Anandifunsa ngati bambo anayamba alankhulapo zofuna kufa, n'kunena kuti tsiku limene ndidzamve mawu otero ndisadikire tsiku la uphungu, ndisawasiye okha, ndithamange nawo kuchipatala, kaya komweko kaya ku Mzuzu Central. Za firiji sanandinyengerere. Anati ngongole iliyonse imene ndikubweza mobisa ndikuwakonzera malo a ngongole ina.

Kuti bambo avomere kupita kunali kovuta kuposa zonse. Kulira sikunathandize, kuopseza kuti ndipita kwathu ku Dedza sikunathandizenso. Chinawagwira ndi pepala. Ndinawapempha kuti tikatenge sitetimenti ya ndalama za pa nambala yawo ya foni, ya miyezi isanu ndi umodzi, ndipo usiku wina ana atagona tinawonkhetsa ndi cholembera chofiira chomwe amachongera mayeso. Zolowa kokabetcha zinapitirira K2 miliyoni. Zobwerera sizinafike theka. Iwo m'mutu mwawo munali tsiku limodzi lokha, lija anawina K400,000 n'kutigulira nkhuku ndi nsalu, ine ndikuvina osadziwa kuti ndikuvinira ndalama yangayanga. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, n'kuti, "Lachiwiri tipitire limodzi."

Kumeneko anawalowetsa okha poyamba, ine ndili pa benchi panja. Atandiitana, mlangizi anali akufotokoza mmene kandege kamadyera. Okonza masewerowa amanena okha kuti pa K100 iliyonse yomwe anthu onse abetcha, pafupifupi K97 ndiyo imabwerera kwa osewera. Zikumveka ngati kuluza pang'ono, koma raundi imatha m'timasekondi, ndipo ndalama yomweyo ukaizungulitsa kambirimbiri usiku umodzi, K3 yosabwerera ija imaluma mpaka kutha. Palibe nthawi yabwino yosewerera, palibe "siginolo" ya pa WhatsApp yodziwa pamene kathawire. Komatu bambo a Tadala amaphunzitsa masamu. Anangogwedeza mutu.

Kenako tinayamba kutseka makomo, ndipo apa m'pamene pali ntchito. Bambo anali ndi maakaunti atatu obetchera, ine ndimadziwa imodzi. Tinalembera kampani iliyonse kuti itseke ndipo isadzatsegulenso ngakhale iwo atapempha. Musangofufuta apu, imabwerera m'mphindi ziwiri. Ina inatseka tsiku lomwelo. Ina inapitiriza kutumiza mauthenga a bonasi, mpaka tinanena kuti tikadandaula ku MAGLA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2022 kuti lizipereka ziphaso ndi kuyang'anira makampani a juga. Pa foni yawo tinaikapo BetBlocker, yomwe ndi yaulere ndipo imatchinga masamba obetchera. Kafoni ka mabatani musakadalire, nakonso anthu amabetchera. Chofunika n'choti m'nambalamo musamagone ndalama.

Ankhoswe aja tinawaitananso, koma ulendo uno ntchito yawo sinali kudzudzula. Anakhala mboni pamene tinalemberana ndi wa katapila kuchuluka kwenikweni kwa ngongole ndi zobweza mwezi uliwonse, khadi n'kubwerera. Likusungidwa ndi ine. Malipiro akalowa timapitira limodzi ku banki, tilipire lendi, fizi ndi katapila tsiku lomwelo, bambo n'kutsala ndi ya kabaza ndi nkhomaliro. Sizokoma kwa mwamuna, ndipo alamu anga ena amati ndinawadyetsa mankhwala. Anene. Ganizoli linachokera kwa mwini wake, ali m'chipinda cha uphungu.

Mwezi wachitatu anagwa. Linali Loweruka, mpira wa ku England, ndinawatuma K5,000 ya mayunitsi a magetsi, njira yawo n'kudutsa pa shopu yobetchera m'tauni. Tinagona mumdima. Kusiyana kwake n'kwakuti ananena okha asanavule n'nsapato zomwe. Ndinafuna kulongedza katundu, koma mlangizi anali atatichenjeza kale kuti ambiri amapunthwa, ndipo funso lake Lachiwiri lotsatira linali lakuti chinachitika n'chiyani ola limodzi asanalowe m'shopumo. Zinapezeka kuti anakumana ndi mnzawo wakale akuonetsa tikiti yowina. Pano mpira amaonera kwa achimwene awo ku Luwinga, ndipo mayunitsi ndimagula ndine pa foni.

Tsopano miyezi yakwana isanu ndi itatu. Ku uphungu amapita kamodzi pamwezi, ine nthawi zina ndimapita pandekha, poti mkwiyo wa firiji sunathe. Katapila yatsala miyezi inayi. Risiti ya Tadala ya teremu ino ndaimata kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, ndipo nyama tikugulabe ya tsiku limodzi.