Bondo langa, kamakina kochokera ku Joni ndi kope la mamalikisi

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno kwa Ngabu, ndipo ntchito yathu ndi ya chiimire. Ndikaweruka kulinso kudimba. Bondo lakumanja linayamba ndi kuuma m'mawa, kenako kulira ngati chitseko chakale ndikamadzuka pamphasa, mpaka linafika potupa madzulo alionse. Kwathu kuno zonse zotere timangoti nyamakazi, ndipo mankhwala ake aliyense amawadziwa: bulufeni kapena indosidi wa pa okala, zikakanika mphini. Mphini ndinatemera, zipsera zilipo. Bulufeni ndinamwa pafupifupi chaka chathunthu, nthawi zambiri m'mimba mulibe kanthu.

Chinandipititsa kuchipatala ndi kutentha pamtima komwe kunkandidzutsa usiku. A kilinikala atamva mapiritsi amene ndinkamwa anagwira mutu. Anandifotokozera kuti bulufeni, indosidi ndi diclofenac ndi a banja limodzi, ndipo ukawamwa nthawi yaitali amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba, kukweza BP komanso kuwononga impso. Za impsozo anatsindika, chifukwa kuno kuchigwa mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Munthu umatuluka thukuta tsiku lonse, madzi m'thupi achepa, iwe n'kumawonjezera mapiritsi olemetsa impso. "Mayi, bondo tiliona, koma awa muyambe mwasiya," anatero.

Kenako anandifunsa mafunso amene ndinkawaona ngati ocheza chabe. Kuuma kwa m'mawa kumatenga nthawi yaitali bwanji? Zala za manja onse awiri zimatupa? Chala chachikulu chakuphazi chinayamba chatupapo mwadzidzidzi usiku? Pambuyo pake ndinamva kuti dzina limodzi lija la nyamakazi labisa matenda angapo. Pali osteoarthritis, pamene kachichereŵechereŵe kophimba nsonga za mafupa kaperepeseka, ndipo kuuma kwake kwa m'mawa sikupitirira theka la ola. Pali rheumatoid arthritis, pamene chitetezo cha thupi chimaukira mfundo zake zomwe. Iyi imakonda zala za mbali zonse ziwiri, kuuma kumatha ola kapena kuposa, ndipo imafuna mankhwala akuchipatala msanga mfundo zisanapindike. Palinso gout, imene imakonda kutupitsa chala chachikulu chakuphazi mwadzidzidzi usiku. Ndipo bondo likatupa mwadzidzidzi, kutentha, kufiira, munthu n'kumva malungo, kumeneko n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa mungakhale mafinya.

Ndinakwera minibasi, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Thabwa n'kukwera mapiri aja mpaka ku Blantyre kukajambulitsa. Ekiselo inaonetsa mpata wa pakati pa mafupa utachepa mbali ya m'kati. Yanga inali osteoarthritis. Dokotala sanandinamize: chimene chaperepeseka sichimeranso, koma ululu ungachepe ndipo mwendo ungalimbe.

Mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Johannesburg atamva, sanachedwe. Anatumiza kamakina kokhala ndi lamba womanga pabondo, ka batire lotchaja. Pabokosi panalembedwa kuti PEMF. M'kati mwa lambamo muli waya wokulungidwa. Magetsi akamadutsa moduladula amapanga mphamvu ya maginito imene imalowa m'thupi n'kudzutsa timagetsi tochepa kwambiri m'minofu ndi m'mafupa. Ukavala sumva kugwedeza kapena kutentha. Tsiku loyamba ndinaganiza kuti kafa m'njira, mpaka ndinaimba foni. "Amayi, kakayaka kagetsi kobiriwira ndiye kuti kakugwira ntchito," anandiseka.

Ndisanakakhulupirire ndinafufuza, pajatu mphunzitsi salandira yankho lopanda njira yake. Njira ya PEMF imeneyi si ya dzulo. Dokotala wa mafupa Andrew Bassett wa ku Columbia University ku New York ndi anzake anaiyesa pa mafupa othyoka okana kulumikizana, ndipo mu 1979 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linaivomereza pa ntchito imeneyo. Pa nyamakazi nkhani yake ndi yofooka. Mu 2013 a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, anasonkhanitsa kafukufuku 9 wa anthu 636 a osteoarthritis, ndipo anapeza kuti pa sikelo ya 0 mpaka 100, ululu unatsika ndi mapointi pafupifupi 15 kuposa kwa anthu amene anavala makina abodza. Koma pa kayendedwe ndi kagwiridwe ka ntchito panalibe kusintha koonekeratu. Malangizo a 2022 a NICE, bungwe lolangiza za chithandizo chachipatala ku Britain, amaika patsogolo masewera olimbitsa thupi ndi kuchepetsa thupi, osati makina a magetsi.

Apa ndichenjeze. Kamakina aka si zibangili za maginito zija amagulitsa m'misika. Si makina ajanso amene anyamata ena amabwera nawo pa tsiku la msika, kukugwiritsa kachitsulo m'manja, kompyuta n'kutulutsa matenda khumi ndi awiri pamodzi ndi botolo lodula loti ugule. Ine anandipeza ndi "mafupa ouma" n'kundidyera ndalama ya thumba la chimanga. Komanso PEMF siyoyenera munthu amene anaikidwa kachipangizo ka magetsi m'thupi monga kothandiza mtima kugunda, ngakhalenso mayi woyembekezera. Ine ndinapita nako kuchipatala kuti akaone ndisanayambe.

Ndinatenga kope la ana la masamu n'kujambula mizere. Madzulo alionse ndinkapatsa bondo mamalikisi, 0 ngati palibe ululu, 10 ngati ndalephera kuponda. Sabata ziwiri zoyamba sindinavale kanthu, ndinkangolemba: 7, 7, 8, 7. Kenako ndinayamba kuvala monga kapepala kake kananenera, mphindi 30 m'mawa ndisanapite kusukulu ndi 30 madzulo ndikuchonga makope. Kutchaja ndinkadalira sola, chifukwa magetsi akathima sungadikire. Sabata yoyamba panalibe chosintha. Pofika sabata yachinayi ndinkalemba 6, mwa apo ndi apo 5, ndipo chimene ndinachiona kwambiri n'chakuti usiku ndinkagona osadzuka kusisita bondo. Koma kudzuka pampando kunali kovuta chimodzimodzi, ndendende zimene kafukufuku uja ananena.

Kusintha kwenikweni kunabwera ndi zimene anandiphunzitsa a fizio, achipatala ophunzitsa masewera olimbitsa ziwalo, zomwe poyamba ndinazinyoza chifukwa zinali zaulere. Minofu ya kutsogolo kwa ntchafu ndiyo imanyamula bondo. Ululu ukayamba munthu umaleka kuugwiritsa ntchito mwendowo, minofu imafota, katundu yense n'kutsikira pa mafupa operepesekawo. Choncho m'mawa ndimagona chagada pamphasa, mwendo wabwino ndapinda, wodwalawo ndauwongola, n'kuukweza pang'ono, kuwerenga mpaka 5, kutsitsa pang'onopang'ono. Kakhumi, kupuma, kakhumi kenanso. Kenako kukhala ndi kudzuka pampando osagwira ndi manja. Masiku oyamba ntchafu inkanjenjemera ndipo bondo linkawawa kuposa kale, moti ndinatsala pang'ono kusiya. Anandiuza kuti kuwawa pang'ono kotha pofika mawa lake si vuto, koma likatupa kwambiri ndichepetse chiwerengero.

Njinga inandithandizanso. Dziko lathu ndi lathyathyathya, ndipo kupalasa kumayendetsa bondo popanda kulipsinja ndi thupi lonse. Ndinakweza chishalo kuti mwendo uziwongoka bwino, ndipo ndimapalasa m'mamawa dzuwa lisanakwiye.

Za thupi zinandipweteka mumtima, chifukwa kwathu mayi wonenepa ndiye kuti akusungidwa bwino. Koma kilogalamu imodzi ikachoka m'thupi, bondo limapepukidwa ndi makilogalamu pafupifupi 4 pa sitepe iliyonse. Ife oyandikana ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo tiyi timathira shuga ngati tikumanga nyumba. Ndinachoka pa masupuni anayi kufika pa imodzi, mitanda ya nsima kuchoka pa itatu kufika pa iwiri, ndiwo zamasamba n'kuchulutsa. Sangowa, amene ena amati chammwamba, ali pampanda pomwepa, ndipo ndimadya monga ndiwo, osati monga mankhwala ochiza bondo. Nsomba za mu Shire ndimaphika m'malo mokazinga. Jinja ndi chikasu ndimathira m'tiyi ndi m'ndiwo. Ofufuza anapeza kuti zimachepetsako ululu pang'ono kwa ena, koma amene amamwa mankhwala osungunula magazi ayambe wafunsa kuchipatala asanazichulutse. M'miyezi isanu ndinatsika makilogalamu 6, ndipo anzanga a kumpingo anayamba kundifunsa monong'ona ngati ndili bwino.

Zina ndi zazing'ono koma ndizo zimasunga tsiku. Bondo likauma m'mawa ndimaliika nsalu yoviika m'madzi ofunda. Likatupa madzulo, nsalu ya madzi a mumtsuko. Likavuta kwambiri ndimapaka diclofenac wopaka uja m'malo mwa wakumwa, chifukwa wolowa m'magazi amakhala wochepa. Ndodo imagwiridwa ndi dzanja la mbali yabwino, osati ya bondo lodwala, zimene ine ndinkalakwitsa. Khasu ndinaikitsa mpini wautali. Ndipo chimene anthu sakonda kuchitchula: kunjuta m'chimbudzi. Kalipentala anandikhomera kampando kobowola pakati, ndipo tsiku limenelo ndinadandaula kuti ndinachedweranji.

Patatha miyezi itatu kope linkaonetsa 3 ndi 4. Pofuna kudziwa gawo la kamakina, ndinakatsekera m'sutikesi sabata ziwiri, zina zonse ndikupitiriza. Mamalikisi anakwera kufika pa 4 ndi 5, makamaka usiku. Kenako ndinakabwezera n'kusiya masewera sabata ziwiri. Apo bondo linabwerera pa 6, ndipo kukwera masitepe a kalasi kunayambanso kundivuta. Ndikanakhala kuti ndalama yogulira kamakinako ndi ya m'thumba langa, ndikanayamba ndi mphasa, njinga ndi kampando kaja, kamakina n'kubwera pambuyo ngati zatsalako.

Mlamu wanga wa ku Bangula, amene wakhala akupalasa bwato zaka zambiri, wamva kuti ndili ndi makina a ku Joni ndipo watuma kale ana kawiri kuti adzabwereke. Iye zala za manja onse awiri n'zotupa ndipo m'mawa satha kugwira kapu mpaka dzuwa litakwera. Ndawabweza anawo ndi uthenga woti Lachiwiri ndidzamuperekeza ndekha kuchipatala akayezedwe magazi, ndipo ya minibasi ndilipira ine.