Zimene ndaphunzira pa zoyambitsa kusabereka kwa amuna

Pa mutu wa kusabereka kwa amuna umene ndakhala ndikuwerenga, mfundo imene yandikhala pamtima ndi iyi: mwamuna akhoza kukhala wamphamvu kuchipinda, n'kumatulutsa umuna wooneka bwinobwino, koma m'katimo mulibe mbewu ngakhale imodzi. Gawo lalikulu la umuna ndi madzi ochokera ku prostate, kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo, ndi timatumba tiwiri toyandikana nako. Mbewu zenizenizo ndi gawo lochepa kwambiri la umunawo, ndipo zimaoneka pa maikulosikopu pokha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati banja lili ndi vuto la kusabereka likatha miyezi 12 likugonana mosadziteteza popanda pathupi, ndipo pa mabanja otere, pafupifupi theka vuto limakhudza mwamuna, kaya yekha kaya pamodzi ndi mkazi. Zimandiwawa kuti kawirikawiri mkazi ndiye amayamba kulozedwa chala, mwamuna asanayezedwe n'komwe.

Chimene madokotala amachipeza kawirikawiri ndi varicocele, kutupa kwa mitsempha yobweza magazi kuchokera ku machende, makamaka mbali ya kumanzere. Machende amakhala kunja kwa thupi chifukwa mbewu zimapangidwa bwino pamalo ozizirirako ndi madigiri awiri kapena atatu. Magazi akamadikha m'mitsempha yotupayo, kutentha kumakwera, mbewu zimachepa ndipo zimayenda mofooka. Amuna pafupifupi 15 pa 100 aliwonse ali ndi vutoli, ambiri osamva kupweteka kulikonse, ndipo ambiri amabereka ndithu. Kwa amene lawalepheretsa, opaleshoni yaing'ono imatha kuthandiza.

Matenda opatsirana pogonana ndiwo andiganizitsa kwambiri, chifukwa n'zotheka kuwapewa. Chinzonono ndi chlamydia zikapanda kuchizidwa msanga zimakwera mpaka ku kanjira kopindikapindika kuseri kwa tchende, komwe mbewu zimakhwimira. Chotupa chikapola chimasiya chipsera, njira n'kutsekeka. Machende amapitiriza ntchito yawo, koma mbewu sizituluka. Chlamydia nthawi zambiri siionetsa zizindikiro, moti mnyamata akhoza kuwonongeka osadziwa, n'kudzazindikira patapita zaka ali pabanja. Matsagwidi nawo akagwira munthu atatha msinkhu amatha kutupitsa machende ndi kuwafooketsa.

Za mahomoni zinandidabwitsa. Kachiwalo ka pansi pa ubongo, pituitary, kamatumiza mahomoni otchedwa FSH ndi LH kuti machende apange mbewu ndi testosterone, homoni yachimuna. Mwamuna akamabaya testosterone kapena ma steroid okulitsa minofu, ubongo umaona ngati homoniyo yakwana kale, n'kusiya kutumiza uthengawo. Thupi limaoneka lojintcha pamene mbewu zatsika, nthawi zina mpaka kutheratu. Akasiya, ambiri zimabwerera pakatha miyezi, koma si onse. Ndikuona kuti achinyamata ochita masewero olimbitsa thupi ayenera kumva zimenezi asanagule mankhwalawo.

Zina ndi zobadwa nazo. Pali matenda amene Harry Klinefelter ndi anzake anawafotokoza mu 1942, pamene mwamuna amakhala ndi ma chromosome (tinthu ta m'maselo tonyamula chibadwa cha munthu) a XXY m'malo mwa XY. Machende amakhala aang'ono ndipo nthawi zambiri mbewu sizipezeka mu umuna. Palinso tchende losatsikira m'thumba mwana ali wakhanda, lomwe limafunika opaleshoni akadali wamng'ono. Fodya, mowa wambiri, kunenepa kwambiri ndi mankhwala a khansa zimachepetsanso mbewu, pamene matenda a shuga amatha kuchititsa umuna kubwerera m'chikhodzodzo. Ndipo kwa amuna ambiri ndithu, ngakhale ayezedwe zonse, chifukwa chake sichipezeka.

Kuyeza umuna kulabotale n'kosavuta poyerekeza ndi zimene mkazi amadutsamo. Buku la WHO la 2021 limaika malire apansi pa mbewu 16 miliyoni pa mililita imodzi, zosachepera 42 pa 100 zikuyenda. Kutsika pang'ono pa manambalawa sikutanthauza kuti munthu sangabereke. Mbewu zimatenga masiku pafupifupi 74 kuti zipangidwe, choncho kutentha thupi kwambiri miyezi iwiri yapitayo kukhoza kuwononga zotsatira za lero. N'chifukwa chake dokotala sagamula atayeza kamodzi. Amauza mwamunayo kuti adzabwerenso, kawirikawiri pakatha miyezi itatu.