Mmene timafikira m'mawa ine ndi bambo akunyumba

Ku Queens ndi kumene anatiuza kuti bambo akunyumba ali ndi dementia, matenda oiwalaiwala aja, ndipo mankhwala ochiziratu palibe. Masana savuta. Dzuwa likangolowa mtima wawo sukhala m'malo: amayamba kufunafuna chikwanje, ati anzawo awasiya. Ntchito yodula nzimbe ku Nchalo anapuma kalekale, koma usiku maganizo amabwerera komweko.

Kukonzekera usiku ndimayamba masana. Kuno ku Chikwawa mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo munthu wodwala chonchi sapempha madzi ngakhale kukhosi kuume gwa. Ndimawamwetsa pafupipafupi, koma ikamakwana 5 koloko ndimachepetsa kuti mkodzo usamawadzutse. Tiyi wamadzulo ndinaletsa. Akayamba kusinza pansi pa mtengo wa nimu ndimawalola pang'ono, kenako ndimawaikira lichero la nandolo kuti asankhe, chifukwa tulo akatimaliza masana, usiku ndimalipira ndine.

Nyale ya sola ndimayatsa mdima usanagwe. Zithunzithunzi zimawasokoneza, moti neti yolendewera amaiona ngati munthu waima pambali pa bedi. Chikwanje, khasu ndi machesi zimagona kwa mwana wathu. Kuchitseko ndinamangako chitini cha timiyala kuti chikangotseguka ndimve. Shire sali kutali, ndipo mvuu zimatuluka usiku.

Akadzuka sindilimbana nawo.

"Mayi, mwandisungira kuti chikwanje? Akapitawo andidula tsiku."

"Akapitawo anatuma uthenga, bambo. Ati lero mupume."

Alipo ena kutchalitchi amene amati uku n'kunama. Anene. Kuwauza kuti anasiya ntchito zaka zapitazo kumangowapsetsa mtima, ndipo pakangopita kanthawi amafunsanso zomwezo. Ndimayankhula motsitsa mawu, ndili kutsogolo kwawo, osawagwira modzidzimutsa. Kenako ndimafufuza thupi, poti zambiri zimachokera kumeneko iwo osatha kufotokoza: mkodzo wawapana, adzimbidwa, msana ukuwawa, kapena malaya anyowa ndi thukuta. Ndimawaperekeza kuchimbudzi, n'kuwapukuta m'khosi ndi chitenje chonyowa. Akakakamirabe, timazungulira bwalo limodzi mpaka miyendo itatopa.

Kusokonezeka kukakula mwadzidzidzi, tsiku limodzi kapena awiri, makamaka thupi likatentha, sindidikira. M'mawa mwake ndi pakabaza kupita kuchipatala kukayezetsa malungo ndi mkodzo, chifukwa kwa okalamba matenda amenewa amatha kuyamba ndi kubalalika mutu. Mapiritsi ogonetsa monga diazepam adokotala anandichenjeza kuti ndisagule pandekha: amawonjezera kusokonezeka, munthu n'kumagwa.

Chimene chinandidyera mtima kwambiri si matendawa ayi, koma anthu. Nkhalamba ikapezeka pakhomo pa eni pakati pa usiku, yosavala bwino, ikuyankhula zosamveka, tonse tikudziwa dzina limene imapatsidwa, ndipo m'dziko muno okalamba aphedwapo chifukwa cha dzina limenelo. Choncho sindinadikire kuti zichitike. Ndinatenga buku lawo lakuchipatala, ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, ulendo kwa amfumu. Anawerenga okha zimene adokotala analemba. Mlangizi uja anawakumbutsanso kuti lamulo la 1911 lokhudza za ufiti likugwirabe ntchito, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Amfumu anakalengeza pamsonkhano wa mudzi, ine ndinakanena kumpingo, ndipo anyamata olondera usiku ndinawapatsa nambala yanga. Ndinawapempha kuti akakumana ndi bambo asawawalitse tochi kumaso kapena kuwakuwiza, angowapatsa moni ndi kuwauza kuti mayi akuwaitana kunyumba.

Za tulo tanga ndinakhala pansi ndi akuchimuna, poti poyamba ankangobwera kudzazonda masana n'kumati akuoneka bwino. Pano mlamu wanga amagona kuno kumapeto kwa sabata, mwana wathu pakati pa sabata, ndipo usiku umenewo ine ndimakagona kunyumba ina, foni nditazimitsa.