Ulendo wathu wa ku Swarthmoor, kwawo kwa Margaret Fell

Amayi a gulu lathu la mapemphero kuno ku Manchester tinapanikizana m'minibasi Loweruka m'mamawa, ulendo wa ku Ulverston m'chigawo cha Cumbria. Kunja kwa tauniyi kuli Swarthmoor Hall, nyumba ya Margaret Fell, mmodzi mwa anthu amene anayambitsa mpingo wa Quaker.

George Fox, mlaliki amene anayambitsa chiphunzitso cha Quaker, anafika pakhomopo mu 1652 bambo a panyumba atachokapo. Bambowo, a Thomas Fell, anali woweruza milandu, ndipo pobwera anapeza mkazi, ana ndi antchito atatsatira chiphunzitso chachilendo. Ife tinkadikira kumva kuti panabuka ndewu. Ayi ndithu. Mpaka kumwalira kwawo mu 1658 sanalowe mpingowo, koma analola kuti anthu azipemphera m'nyumba mwawo, iwo n'kumamvetsera ali m'chipinda china, chitseko chosatseka. Nafe tinakhala pamene ankasonkhanapo, tili duu monga amachitira a Quaker. Kwa anthu ozolowera makolasi ndi kuwomba m'manja, mphindizo zinatalika zedi.

Margaret anali ndi chuma, akanatha kungokhala pakhomo. Koma mu 1660 anapita ku London kukachonderera Mfumu Charles II kuti Fox amasulidwe m'ndende, ndipo mu 1663 anazungulira madera ambiri a England kuyendera mipingo. Njira yachidule yopita ku Lancaster inkadutsa pamchenga wa Morecambe Bay nyanja ikaphwera. Titauona mchengawo, amayi ena anangopukusa mutu, poti wochedwa pamenepo madzi ankamukokolola.

Masana tinafika ku Lancaster Castle, kumene Margaret anatsekeredwa mu 1664 atakana kulumbira m'khoti komanso atakana kuletsa mapemphero a pakhomo pake. Anamugamula kukhala m'ndende moyo wonse ndi kulandidwa katundu, ngakhale anatuluka mu 1668. Ali momwemo analemba kabuku koikira kumbuyo ulaliki wa amayi, kokumbutsa kuti oyamba kulengeza za kuuka kwa Yesu anali akazi.

Nkhani imeneyi ndi yomwe inautsa mtsutso pobwerera. Amayi ena achikulire anatsegula pafoni 1 Akorinto 14, pamene pamati akazi akhale chete mumpingo, nati, "Ana inu, Paulo ananena kale." Anzathu anawayankha ndi Mariya wa ku Magadala. Ine ndinali mbali ya Margaret, ngakhale sindinakweze mawu pamaso pa akuluakulu. Tinatsika ku Manchester usiku tisanagwirizane, ndipo amayi apampando alamula kuti aliyense adzabwere ndi Baibulo lake Lachinayi.