Kope la dalaivala ndi pulogalamu yolipira m'madola: sabata imodzi ku Kanengo

Ndimayang'anira kayendetsedwe ka katundu pa kampani ina ya ku Kanengo, mumzinda wa Lilongwe, imene imapikulitsa mbewu, mankhwala ophera tizilombo ndi zipangizo zina zaulimi kwa eni masitolo a m'misika ya m'chigawo chapakati, amene ambiri amawatcha ma agro-dealer. Mwezi wa October ndi umene ntchito imatikulira, chifukwa mlimi aliyense amafuna kuti mvula yoyamba imupeze ali ndi mbewu m'nyumba, ndipo wogulitsa amene katundu wamuthera m'masabata amenewa amakhala kuti wataya phindu la chaka chonse. Vuto limene linatitangwanitsa sabata imeneyi linali lakale. Maoda ankabwera kwa aliyense amene wogulitsa akumudziwa pa kampani, ena n'kulembedwa kawiri, ena n'kuiwalika, kotero kuti lole inkatha kunyamuka yosadzaza pamene dizilo akusowa, kenaka dalaivala n'kubwerera usiku atanyamula ndalama zambiri m'chikwama.

Lolemba m'mawa akuluakulu a nthambi zonse tinakhala pansi kuti tione chikalata chimene kampani ina yopanga mapulogalamu a kompyuta inatibweretsera. Iwo ankalonjeza pulogalamu ya pa foni imene wogulitsa angaikiremo oda, kulipiriramo, ndi kuoneramo pamene lole yafika, ndipo zithunzi za m'chikalatacho zinali zokopa ndithu. Bwana wathu wamkulu ali ndi chizolowezi chimene poyamba chinkatisowetsa mtendere, chakuti pa msonkhano uliwonse iwo amayankhula pomaliza ndipo amayamba kufunsa amene ali wamng'ono pa udindo. Aliyense amene anagwirapo ntchito m'maofesi a kuno kwathu akudziwa chifukwa chake. Tinaleredwa kuti wamkulu sitimutsutsa pagulu, ndipo ulemu umenewu, ngakhale uli wabwino pamudzi, ukalowa m'chipinda cha msonkhano umachititsa kuti bwana akangosonyeza kumene mtima wake wapendekera, aliyense azingoti "zili bwino, bwana," ngakhale amene akuona kuti zinthu sizikayenda. Tsiku limeneli woyamba kufunsidwa anali mtsikana amene amasamalira makompyuta athu, ndipo iye, atazengereza pang'ono, anafunsa ngati pali wina mwa ife amene anapita kukaona mmene ogulitsawo amaikira maoda pakali pano. M'chipindamo munati zii. Bwana wamkulu analamula kuti chikalatacho chiyambe chadikira mpaka Lachisanu, ndipo ine anandiuza kuti mawa lake ndikwere lole.

Lachiwiri tinanyamuka kusanache, kutsata msewu wa M1 kudzera ku Lumbadzi, Mponela ndi Madisi mpaka ku Kasungu. Dalaivala amene ndinayenda naye ndi bambo wachikulire amene wakhala pa msewu umenewu kuyambira ine ndisanalembedwe ntchito. Tisanafike n'komwe pa Lumbadzi foni yawo inali italira kangapo, ndipo mauthenga onse anali a mawu, a pa WhatsApp. Wina, potchula mitundu ya mbewu ya chimanga, ankati, "Madala, mundibweretsere Kanyani makatoni awiri, Njovu musanyamule, sakuyenda kuno." Wina ankadandaula kuti mapaketi akuluakulu akungokhala pa shelefu chifukwa alimi akufuna a makilogalamu 2. Tikaima, bamboyo ankatulutsa kope lachikuto chakuda m'kabokosi ka kutsogolo kwa lole n'kulemba zonse, msika ndi msika, dzina la wogulitsa kumanzere, mtundu wa mbewu pakati, ndi chizindikiro cha mtanda pa amene amachedwa kulipira. Nditatsegula masamba a m'mbuyo ndinapeza kuti kope limeneli likudziwa zimene makompyuta athu onse sakudziwa: msika umene mbewu zocha msanga zimatha mvula isanagwe, umene alimi ake amadikira kaye kuona mitambo, ndi wogulitsa amene amaoda mochuluka koma n'kubweza theka mu January.

Pa Madisi ndinakhala kanthawi m'sitolo ya mayi wina amene amatigula kwambiri. Foni yawo, yong'ambika galasi pakona, inali pa kauntala, italumikizidwa ku kabatire kamene kamatenga mphamvu pa kasola ka padenga. Nditawafotokozera za pulogalamu ija, anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Achimwene, ine ndimagula bandulo ya WhatsApp basi. Imeneyo mukunenayo ifuna bandulo ya intaneti, ndipo foni iyi yadzaza kale. Komanso ine manambala a mbewu sindiwasunga m'mutu. Alimi amabwera kudzafunsa Mkango kapena Kanyani, ine ndimaodanso chimodzimodzi." Apa ndinakumbukira kuti m'chikalata chija mbewu zonse zinalembedwa ndi manambala a fakitale, monga SC 403 ndi SC 719, pamene msika wonse umazidziwa ndi mayina a nyama amene kampani ya Seed Co inazipatsa. Pa nkhani ya malipiro, mayiwo anali okonzeka kale, popeza makasitomala awo ambiri amawalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, njira zimene zinayamba m'dziko muno mu 2012 ndi 2013. Chodabwitsa chinali chakuti iwo ankapita kwa ejenti kukatapa ndalamazo, nthawi zina n'kudikira mpaka ejentiyo apeze ndalama zokwanira, kuti adzapereke makobidi kwa dalaivala wathu, chifukwa choti kampani yathu sinkalandira malipiro a pa foni. Ndalama imene inali yotetezeka kale pa foni tinkaitulutsa tokha n'kuiyendetsa usiku pa msewu.

Pobwerera ndinkaganiza za mbiri ya M-Pesa, njira yotumizira ndalama pa foni ya ku Kenya, imene anthu ambiri amaitama ngati luso la akatswiri a makompyuta. Pamene ankaiyesa mu 2005, cholinga chinali chakuti makasitomala a bungwe lobwereketsa ndalama la Faulu azibwezera ngongole pa foni. Anthu ataipatsidwa anayamba kuigwiritsa ntchito mwa njira yawoyawo, kutumizirana ndalama ndi kusungirapo pa ulendo, ndipo oyendetsa ntchitoyo, m'malo mowaletsa, anatsatira zimene anthuwo ankachita, kotero kuti pamene kampani ya mafoni ya Safaricom inkaikhazikitsa mu March 2007 inali yasanduka njira yotumizira ndalama kumudzi. M'maganizo mwanga, nzeru yaikulu pamenepo inali ya atsogoleri amene analola kusiya pulani yawo ataona kuti makasitomala apeza ina yoposa.

Lachitatu ndinalitha ndi mtsikana wa makompyuta uja. Maganizo ake anali osavuta komanso osalira ndalama zambiri: nambala imodzi ya WhatsApp Business ya kampani, yokhala ndi zithunzi za katundu ndi mayina amene msika umagwiritsa ntchito, munthu mmodzi wolemba maoda onse pa tebulo limodzi la pa kompyuta limene a kosungira katundu ndi a zachuma angaone nthawi imodzi, ndi nambala za kampani zolandirira ndalama za pa foni. Tinayesanso chida china cha AI, pulogalamu ya kompyuta yotsanzira nzeru za munthu, kuti chizimvetsera mauthenga a mawu n'kuwasandutsa maoda olembedwa. Pa uthenga wa Chingerezi chinkachita bwino, koma pa Chichewa choyankhulidwa pakati pa phokoso la msika chinkasokoneza mayina ndi manambala, ndipo pa ntchito yathu kusokoneza makatoni awiri ndi makumi awiri si nkhani yoseketsa. Tinagwirizana kuti chidacho chizitithandiza kusanja ndi kuwerengetsa zimene munthu walemba kale, koma kumvetsera kukhale kwa munthu. Iye anandikumbutsanso kuti lamulo loteteza chinsinsi cha mbiri za anthu, Data Protection Act la mu 2024, likutikhudza, popeza manambala a mafoni ndi mawu a makasitomala si zinthu zoti tizingoziponya pa chida chilichonse cha pa intaneti popanda kudziwa kumene zikukasungidwa.

Tsiku lovuta linali Lachinayi. Mkulu wa zachuma, amene ena amamunena kuti amakana chilichonse chatsopano, anabwera ndi mfundo zimene ine ndinaona kuti n'zolondola. Mtengo wa pulogalamu ija unali m'madola, wolipira mwezi ndi mwezi, ndipo iye anatikumbutsa kuti mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, kenaka mu November 2023 ndi 44 peresenti, kotero kuti mgwirizano wa m'madola ukhoza kukwera mtengo usiku umodzi ife tisanagulitse paketi yowonjezera ngakhale imodzi. Koma njira yathu yotsika mtengo sanailekerere. Anafunsa kuti ndalama zolipirira ntchito ya pa foni adzazisenza ndani, kuti uthenga wa mawu udzakhala bwanji umboni wa oda pamene ofufuza mabuku a kampani abwera, ndi kuti ndani adzaonetsetsa kuti ndalama imene yalowa pa foni ikugwirizana ndi lisiti. Mafunso amenewa ndi amene anachititsa kuti tiwonjezere lamulo lakuti oda iliyonse ikalembedwa, wogulitsa azitumiziridwa uthenga wolembedwa woti avomereze lole isanapakiridwe. Munthu wofunsa mafunso otere ndi wofunika pa kampani, bola afunse pa nthawi imene mayankho angasinthe zinthu.

Madzulo a tsiku lomwelo dalaivala uja anandipeza pa geti. Anayamba ndi kufunsa za kunyumba, monga amachitira munthu amene wabwera ndi nkhani yolemera, kenaka anati, "Bwana, kope lija mwalijambula, ndamva. Tsopano maoda akamapita ku ofesi, ine ndidzatsala wongoyendetsa lole, ndipo tsiku lina mudzapeza mnyamata wotchipa." Nkhawa imeneyi sindinaione ngati yachibwana. Zimene munthu waphunzira pa zaka zambiri ndi chitetezo chake pa ntchito, ndipo kampani imene imatenga nzeru za wantchito n'kumusiya wopanda pogwira imaphunzitsa ena onse kuti azibisa zimene akudziwa. Timakonda kutchula Toyota, imene inayamba kulandira maganizo a antchito mwadongosolo mu 1951 ndipo imalola wantchito wamba kukoka chingwe choitanira thandizo, ngakhale kuimitsa mzere wonse wopangira magalimoto, akaona cholakwika. Chimene timaiwala n'chakuti wantchito amakoka chingwe chimenecho chifukwa akudziwa kuti sichimuchotsetsa ntchito. Ifenso tili ndi bokosi la maganizo pafupi ndi khomo la kantini, koma popeza palibe amene ankayankha zimene zaponyedwamo, anthu anasiya kulembamo za ntchito n'kumangodandaula za shuga wa mu tiyi. Usiku umenewo ndinawaimbira foni bwana wamkulu n'kuwafotokozera mawu a bamboyo monga mmene anawanenera.

Lachisanu msonkhano unachitikira kosungira katundu, pakati pa milu ya makatoni, ndipo anaitanidwa onse, opakira katundu ndi alonda omwe. Bwana wamkulu anakhala pa benchi limodzi ndi madalaivala. Analengeza kuti pulogalamu ya m'madola siigulidwa chaka chino, ndipo njira ya WhatsApp ndi malipiro a pa foni iyesedwa pa msewu wa ku Kasungu wokha mpaka nyengo yogulitsa mbewu itatha, kuti ikalephera tidzataye zochepa. Ananena pagulu kuti maganizowa achokera m'kope la dalaivala ndi kwa mtsikana wa makompyuta, ndipo anawatchula mayina onse awiri. Bamboyo anapatsidwa udindo wounika maoda a msewu wonse lole isanapakiridwe, ndi mphamvu zoimitsa oda imene akuona kuti idzabwezedwa, pamodzi ndi ndalama yowonjezera pa malipiro. Za bokosi lija, anati maganizo aliwonse aziyankhidwa pasanathe sabata ndi mkulu wa nthambi yokhudzidwa, ngakhale yankho litakhala lokana, ndipo chifukwa chokanira chizilembedwa.

Msonkhano uli pafupi kutha, mmodzi wa opakira katundu, amene sindinamumvepo akuyankhula pagulu, anaimika dzanja. Anati mbewu yatsopano ikafika imaunjikidwa kutsogolo chifukwa ndiko kufupi ndi khomo, ndipo yakale imatsalira kumbuyo mpaka nthawi yake yogulitsira itadutsa. Anapempha penti kuti alembe mizere pansi, mzere uliwonse ukhale wa katundu wa tsiku lake, kuti wakale azituluka poyamba. Mkulu wa zachuma anavomereza penti ija pomwepo, asanakhale n'komwe pansi kuti awerengetse, chifukwa iyeyo ndi amene amaona m'mabuku mtengo wa mbewu imene timataya.

Loweruka timagwira theka la tsiku, ndipo ndinalitha ndikulemba ndondomeko ya kuyesaku: zimene tidzayang'ane ndi kudzaza kwa lole ponyamuka, katundu wobwezedwa, ndi ndalama zimene dalaivala akunyamulabe m'chikwama. Nkhani imodzi inatsala yosamalizika. Ogulitsa ambiri amatumiza maoda Lamulungu madzulo, akatseka sitolo n'kuwerenga katundu wotsala, pamene ofesi yathu ili yotseka. Mtsikana uja anadzipereka kuti azitenga foni ya kampani kunyumba, koma ndinakana kulemba zimenezo mu ndondomeko mpaka a nthambi yoona za antchito atagwirizana naye za malipiro a maola amenewo, ndipo nkhaniyi ndaiika poyamba pa mndandanda wa msonkhano wa Lolemba likubwerali.