Musanaitanitse Rover kapena Jaguar yakale ku UK, suzumirani kunsi kwake

Galimoto zakale za ku Britain zimatikomera a ku Lusaka pa chinthu chimodzi: chiwongolero chili kumanja, ndiye palibe chosintha kuti ziyende m'misewu yathu. Chomwe chimagwetsa ogula ambiri ndi dzimbiri. M'nyengo yozizira ku UK amathira mchere m'misewu kuti madzi asaundane, ndipo mcherewo umadya chitsulo kuyambira pansi. Injini ikafa, makanika wa ku Matero kapena ku Kalingalinga amaidzutsa. Bodi ikawola, ndalama zowotcherera zimapitirira mtengo umene munagulira galimotoyo.

Choncho zithunzi za penti yonyezimira ndi mipando yachikopa musazikhulupirire. Uzani wogulitsa akweze galimoto ajambule kunsi: zitsulo zazitali za pansi pa zitseko, malo oikapo jeke, pansi pa kapeti, ndi mubuti pomwe pamagona tayala lapadera. Pa Jaguar XJ6 onjezani m'mphepete mwa magalasi akutsogolo ndi akumbuyo, komanso mozungulira matanki ake awiri a petulo. Rover P6 ndiye yonyenga kwambiri. Mapanelo ake akunja ndi omanga ndi mabawuti pa chimango chamkati, ndiye munthu akhoza kuveka mapanelo atsopano pa chimango chowola, galimoto n'kuoneka ngati yatsopano. Lipirani katswiri wa komweko, wosadziwana ndi wogulitsa, apite ndi tochi ndi maginito. Pomwe maginito akukana kumata pa bodi yachitsulo, pamenepo anamata fila. Ndalama musatumize munthuyu asanakupatseni lipoti.

Mbiri ya MOT, kuyesa kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ndi yoyenera pamsewu, imapezeka mwaulere pa webusaiti ya boma la UK mukangolemba nambala ya galimoto, ndipo imasonyeza zimene oyesa ankadandaula chaka ndi chaka. Koma kuyambira 2018 galimoto zopitirira zaka 40 sizikakamizidwa kuyesedwa. Wogulitsa akalemba kuti "MOT exempt" sakutanthauza kuti ili bwino, akungonena kuti palibe amene wakakamizika kuiyang'ana. Muuzeni akaiyezetsebe. Akakana, fufuzani ina.

Nanga mugule iti? Ine ndimakankhira anthu ku Rover ya injini ya V8 ya malita 3.5, kaya P5B yomwe inapangidwa kuyambira 1967 mpaka 1973, kaya P6 3500. Chifukwa chake n'chakuti injini ya banja lomweli inalowanso mu Range Rover ndi Land Rover, ndipo kuno alipo amakanika oidziwa. XJ6 ndi yokongola, palibe wotsutsa, koma ndi yofupika kunsi moti mahampu a mu Lusaka amaikanda, ndipo mabuleki ake akumbuyo ali mkati, pafupi ndi difu. Kusintha madisiki nthawi zambiri kumafuna kutsitsa chimango chonse chakumbuyo. P6 nayonso mabuleki akumbuyo ali mkati, ndiye musati simunamve. Wofuna yosavutitsa atenge Morris Minor, koma adziwe kuti pa Great East Road minibasi zizimupitirira.

Pa mapepala, chachikulu ndi V5C, buku la galimoto lochokera ku DVLA, ofesi yolembetsa galimoto ku UK. Wogulitsa amang'ambapo kagawo kodziwitsa kuti galimoto yatuluka m'dziko, lotsalalo n'lanu. Nambala ya chasisi ya m'bukumo ifanane ndi ya pa galimoto, pa invoice ndi pa bill of lading, chilembo ndi chilembo. Galimoto za m'ma 1960 ndi 1970 zili ndi nambala zazifupi, zosafika zilembo 17 zimene maajenti anazolowera pa galimoto za ku Ulaya zamasiku ano, ndipo wina akalemba O pamalo pa 0 galimoto imagona paboda mpaka mapepala akonzedwe, inu mukulipira malo osungira. Musaiwalenso kuti galimoto yogwiritsidwapo ntchito iyenera kuyesedwa isanakwere sitima ndi kampani yovomerezedwa ndi ZCSA, bungwe la boma la Zambia loona za miyezo ya katundu. Yobwera popanda satifiketiyo imalipitsidwa chindapusa.

Njira zotumizira ndi ziwiri. RoRo, pomwe galimoto imachita kuyendetsedwa polowa ndi potuluka m'sitima, ndi yotsika mtengo, koma galimoto iyenera kulira ndi kuyenda yokha, ndipo m'katimo simuloledwa kuikamo katundu. Imayendetsedwa ndi anthu a padoko amene sadziwa choke ndi chiyani, ndipo tizitsulo tonyezimira monga mabaji timatha kusowa. Kontena ya mafiti 20 ndi yodula, koma kwa galimoto yakale ndiyo ndimasankha, chifukwa masipeya amalowa momwemo: pampu ya madzi, mapaipi a rediyeta, mapointi, marabala a mabuleki, magasiketi. Zonsezo zilembedwe pa mndandanda wa katundu, osabisa mubuti.

Ikatsikira ku Dar es Salaam imalowera pa Nakonde, ikatsikira ku Walvis Bay imalowera pa Katima Mulilo. Kulikonseko ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 2,000. Musapatse dalaivala kuti aiyendetse. Galimoto imene kwawo inkangotuluka Lamlungu kukacha bwino siingapirire zigwembe ndi malole a pa Great North Road, ndipo ikafera panjira n'kuikoka mtunda wautali, giyabokosi ya otomatiki imapsa poti pampu yake ya oyilo siyenda injini ikazima. Ikwere pa lole.

Msonkho wa ZRA pa galimoto zogwiritsidwapo ntchito umatengera mtundu wa bodi, zaka ndi kukula kwa injini, ndipo pamwamba pake pali msonkho wa utsi womwenso umakwera ndi injini. Ya malita 3.5 ya Rover kapena 4.2 ya Jaguar imagwera kumtunda kwa mndandanda. Mitengo imasinthidwa m'bajeti, ndiye tengani yatsopano kwa ajenti wokhala ndi laisensi musanagule, osati galimoto ili kale pamadzi. TPIN ikhale pafupi. Mukamaliza ndi kasitomu, kwatsala Interpol kupolisi, kenako RTSA kuti muyezetse, mutenge white book ndi nambala, inshuwalansi ndi msonkho wa pamsewu.

Ikafika pakhomo, chilakolako chokazungulira nayo ku Manda Hill chidikire. Yambani ndi madzi. Rediyeta inapangidwira nyengo ya ku England, osati Okutobala wa kuno muli pamzere pa Kafue Roundabout. Itsukitseni kapena muikitse pakati patsopano, musinthe mapaipi onse ndi thermostat. Madzi a pa borehole musathiremo: Lusaka yakhala pa mwala wa laimu, madzi ake amasiya zoyera zotseka timabowo ta rediyeta, ndipo V8 ya Rover ndi ya aluminiyamu, imadyeka mkati ikasowa coolant. Thirani coolant wosakaniza ndi madzi a batire, aja a distilled, osati asidi.

Kenako makabuleta. Lusaka ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, mpweya ndi wopepuka, ndiye makabuleta a SU ochunidwira malo otsika a ku UK amamwetsa injini petulo wambiri. Mudzaona mapulagi akuda bii ndi utsi kumbuyo. Akufunika kuchepetsedwa ndi kulinganizidwa onse awiri, ndipo timiphika take tapamwamba tithiridwe oyilo. Petulo wopanda lead savuta pa V8 ya Rover ndi injini ya XK ya mu Jaguar XJ6, koma hedi yachitsulo ya Morris Minor imafuna mankhwala othira m'tanki kapena kuikidwa mipando ya mavalavu yolimba.

Pali tinthu tina timene timaononga galimoto tsiku loyamba kugalaja. Giyabokosi ya Borg-Warner 35, yomwe ili mu P5B, imafuna oyilo wa Type F, osati Dexron amene aliyense amathamangira. Galimoto zambiri za ku Britain zopangidwa chapakati pa zaka za m'ma 1960 kubwerera m'mbuyo zimamanga waya wa positive ku bodi, ndiye wolumikiza batire mwachizolowezi amawotcha zamagetsi. Mabawuti ndi a mainchi: sipanala ya 13 pa bawuti ya theka la inchi imaterera n'kudya makona, choncho itanitsani seti ya masipanala a mainchi, otchedwa AF, mu kontena momwemo. Matayala ngakhale mano ali odzaza, werengani manambala anayi omaliza a DOT, omwe ndi sabata ndi chaka chomwe anapangidwa. Opitirira zaka 10 achotseni musanalowe pa Kafue Road. XJ6 imavala 205/70 R15, ndipo poti si saizi ya pashopu iliyonse, iyitanitseni msanga galimoto isanafike.