Ndinatsatira timu ya baseball kuyambira chimanga chikumera mpaka dowe

Mnzanga wa kufakitale komwe ndimagwira ntchito ku St. Cloud, m'boma la Minnesota, anandifunsa tsiku lina zomwe ndimachita Lamulungu masana. Ndinamuuza zoona zokhazokha: kuchapa, kuphika nsima, kuimba foni kumudzi ku Dedza, basi. Anapukusa mutu n'kunena kuti ndidzapite kukaonera timu yake ikusewera baseball. Munthuyo ali ndi zaka 34, amayendetsa folokolifiti, ali ndi ana awiri ndi kamimba kooneka, ndiye ndinkayesa akuseleula. Pano ndimutchule kuti Mamanzere, chifukwa amaponya ndi dzanja la kumanzere ndipo ku timu kwawo amamusunga ngati dzira pa chifukwa chomwecho.

Ulendo woyamba unali wa mu May. Mukachoka ku St. Cloud n'kulowera kumadzulo pa msewu wa I-94, kenako n'kupatukira m'timisewu ta m'minda, mumayamba kuona nsanja ya tchalitchi muli patali, mudzi usanaonekere. Mukafika mupeza tchalitchi cha Katolika chachikulu kuposa mudziwo, bala imodzi kapena ziwiri, nyumba zowerengeka, ndi bwalo la baseball. Dera limeneli ndi Stearns County. Anadzakhalamo ndi Ajeremani achikatolika kuyambira m'zaka za m'ma 1850, ambiri atamva kuitana kwa wansembe Francis Xavier Pierz, yemwe ankalemba makalata otamanda nthaka ya kuno. N'chifukwa chake mupeza mudzi wotchedwa New Munich pakati pa America. Ng'ombe za mkaka ndiye zosayamba, ndipo mphuno imakuuzani zimenezi musanaone khola.

Pafupifupi kamudzi kalikonse kali ndi timu yake. Ku Farming kuli Flames, ku St. Martin kuli Martins, ku Lake Henry kuli Lakers, ku Elrosa kuli Saints, ku Meire Grove kuli Grovers, ku New Munich kuli Silverstreaks, ndipo ena ali ku Spring Hill, Greenwald, Roscoe ndi Richmond. Eni ake amati town ball, kutanthauza mpira wa pamudzi. Palibe amene amalipidwa. Timu ya Mamanzere sinditchula dzina, poti zina zomwe ndinene pano anthu ake angandikwiyire nazo.

Tsiku loyambalo ndinachita manyazi kawiri. Koyamba n'kubwera ndi malaya opyapyala poona dzuwa, osadziwa kuti mphepo ya mu May ku Minnesota imalowa mpaka m'mafupa. Kachiwiri n'koipa kwambiri. Womenya wathu anaswa mpira mwamphamvu, unakwera m'mwamba n'kudutsa mpanda, ine n'kudzambatuka ndikukuwa ngati Bullets yachinya pa Kamuzu Stadium. Nditayang'ana uku ndi uku ndinapeza kuti ndaimirira ndekha. Mpirawo unatulukira kunja kwa mzere, sunali kanthu. Agogo ena omwe anakhala pambali panga, buku lalikulu pamwendo ndi pensulo m'manja, anandikoka malaya n'kunena kuti, “Khala pansi mwana wanga, ndikuphunzitse.”

Agogowo ndi amene amalemba zonse zochitika m'bwalo, mpira uliwonse woponyedwa, ndipo akuti anayamba amuna awo akusewera, kenako ana, pano adzukulu. Anandifotokozera pang'onopang'ono. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 9. Woponya amaima pa kachulu kali pamtunda wa mamita 18 ndi theka kuchokera kwa womenya. Womenya akaphonya katatu watuluka. Woponya akaponya molakwika kanayi, womenya amapita pa besi yoyamba mwaulere. Mabesi ndi anayi, otalikirana mamita 27, ndipo chigoli chimawerengedwa munthu akazungulira onse n'kubwerera pomwe anayambira. Anthu atatu akatuluka, mbali zimasinthana. Mbali zonse ziwiri zikamenya, ndime imodzi yatha, ndipo ndime zikakwana 9, masewero atha. Ndinafunsa kuti nanga nthawi ndi mphindi zingati. Agogo anaseka: wotchi kulibe. Mutha kukhala maola awiri, mutha kukhala anayi.

Kunena chilungamo, masabata oyambirira ndinkatopa nawo. Munthu wozolowera mpira wamiyendo amaona ngati palibe chikuchitika: wina akukonza gulovu, wina akulavula makoko a mpendadzuwa, woponya akupukusa mutu kukana zomwe wowakha akumuuza ndi zala. Chomwe chinkandibweza Lamulungu lotsatira chinali fungo la anyezi. Bwalo lililonse lili ndi kashedi komwe amayi ndi abambo a pamudzipo amakazinga mabaga ndi anyezi pa chiwaya chachikulu, ndipo ndalama yake pamodzi ndi ya mowa wa m'zitini ndi yomwe imagulira mipira ndi kulipira oyimbira. Ana amathamangira mipira yotuluka kunja, akabweza amapatsidwa kandalama kapena switi. Ndinaona kamtsikana kena katasowa m'munda wa kuseri kwa mpanda n'kutulukamo ndi mipira iwiri, wina wa chaka chatha.

Munda umenewo ndi womwe unakhala kalendala yanga. Kuseri kwa mpanda wa bwalo lathu kuli chimanga mpaka pomwe maso alekezera. Mu May chinali chitangomera, timasamba tiwiri. Pofika pa 4 July, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lawo, chinali chitapitirira m'chiuno. Kumapeto kwa July chinamasula, ndevu zili yaluyalu, ndipo mpira ukagwera mmenemo umangomva tswa, osauonanso. Ine wobadwira ku chimanga ndinkachiyang'ana ndi njala ya mtundu wina. Anzangawo ankati n'cha ng'ombe ndi chopangira mafuta a galimoto, munthu sadya.

Amene anandilowetsa m'timu zenizeni si Mamanzere ayi, koma achikulire ena osamalira bwalo. Anali mlimi wa ng'ombe za mkaka, khola anasiyira mwana wawo, ndipo tsopano ng'ombe yawo ndi bwaloli. Tsiku lina mu June ndinafika molawirira n'kuwapeza atagwada pa kachulu ka woponya, akutseka dzenje lomwe phazi limakumba. Ankathira dothi la makande lonyowetsa pang'ono, kulisinja ndi chitsulo chophwatalala, kuwaza madzi, kusinjanso, kenako kupapasa ndi chikhatho ngati mayi akuzira pakhonde. Sanandipatse moni wambiri. Anangondiloza reki yomwe inatsamira pampanda. Ndinayamba kusalaza dothi pakati pa besi yoyamba ndi yachiwiri, iwo n'kubwera kudzandilanda: ndinkakokera dothi ku udzu, pamene liyenera kukokedwa motsatira m'mphepete, apo ayi pamatukuka kamzere ndipo mpira umadumphira munthu kumaso. Kuyambira tsiku limenelo reki inakhala yanga. Ndinawauza kuti kwathu bwalo la mpira tinkalima ndi makasu, mizere n'kulemba ndi phulusa. Anaganiza kaye, kenako anafunsa ngati phulusalo silichoka ndi mvula. Ndinati limachoka. Anati laimu wawonso amachoka.

Maulendo a kubwalo la eni anali afupiafupi, mphindi 15 kapena 20 pagalimoto, chifukwa midziyi ndi yoyandikana. Ena mwa masewero anali a usiku pansi pa magetsi, ngakhale mu June dzuwa limalowa 9 koloko itakwana. Udzudzu wa kumeneko ndi waukulu ndipo umaboola malaya. Mwayi wake ulibe malungo. Usiku wina mitambo inada bii kumadzulo, mphezi n'kuyamba, oyimbira anaimitsa masewero, ndipo tonse, osewera a mbali zonse ndi oonera omwe, tinathamangira kukoka lona kuvindikira kachulu. Mvula itatha panalibe amene anapita kwawo. Anatsegula kumbuyo kwa mapikapu n'kukhala pamenepo mpaka pakati pa usiku, anthu omwe amatukwanizana maola awiri apitawo akupatsirana zitini.

Sindikufuna kukometsa zonse. Malo ambiri munthu wakuda ndinali ndekha, ndipo maso ndinkawamva kumsana. Wina anandifunsa ngati ndine Msomali, poti ku St. Cloud kuli Asomali ambiri, ndipo mmene anafunsira sizinandisangalatse. Komanso mpira umenewu ndi wa pachibale. Pa mndandanda wa osewera dzina la bambo limodzi limatha kuoneka kanayi, ndipo malamulo amafuna kuti wosewera akhale wa m'dera lapafupi, osati wongotoledwa kutali. Zimenezi zimateteza timu za timidzi kuti zisamezedwe ndi za ndalama, koma zimachititsanso kuti mlendo akhale mlendo nthawi yaitali. Ine chinandithandiza ndi reki ija. Munthu wogwira reki safunsidwa kwambiri kuti wadzatani.

Chinandiseketsa ndi zithumwa zawo. Kwathu timanenedwa kuti timakhulupirira mankhwala pa mpira, koma Mamanzere saponda mzere woyera akamalowa kapena kutuluka m'bwalo, amaudumpha. Atapambana kawiri motsatizana anasiya kuchapa masokosi. Ndipo tsiku lina atafika ndime yachisanu ndi chimodzi popanda womenya aliyense kumupeza bwino, ine ndinatsegula pakamwa kuti ndiyamikire, agogo a buku aja n'kunditsina pantchafu. Zimenezo satchula. Ndime yotsatira wina anamenya mpira wodutsa pakati, ndipo benchi yonse inatembenuka kuyang'ana ine.

Anthu a kuno amanyadira nkhani ya Jim Eisenreich, mwana wa ku St. Cloud. Anasewerera Minnesota Twins mu ligi yaikulu kuyambira 1982, koma matenda a Tourette, ochititsa thupi kugwedezeka munthu asakufuna, anamuvutitsa mpaka anasiya. Anabwerera kwawo n'kumasewera mpira wosalipidwa womwewu ndi St. Cloud Saints, kenako mu 1987 anabwereranso mu ligi yaikulu ndi Kansas City Royals, ndipo mu 1997 anapambana World Series, chikho chachikulu cha ligiyo, ndi Florida Marlins. Nkhaniyi ndinaimva kwa anthu atatu osiyana, aliyense akuti m'bale wake anaponyerapo Eisenreich. Palibe amene anati m'bale wakeyo anamutulutsa.

Ligi inatha mu July ife tili pakatikati, osati pamwamba, osati pansi. Kenako kunabwera masewero ochotsana, omwe amasankha opita ku mpikisano wa boma lonse. Mpikisano umenewu unayamba mu 1924, ndipo m'Minnesota muli matimu otere pafupifupi 300, ogawidwa m'magulu malinga ndi kukula kwake. Umachitika kumapeto a sabata kuyambira mu August, n'kutha cha pa Labor Day, Lolemba loyamba la September. Kwa mlimi kapena woyendetsa folokolifiti, kukafika kumeneko ndiye World Cup yake.

Ife sitinafike. Tinagonja ndi chigoli chimodzi kwa timu ya mudzi woyandikana nawo, omwe agogo a buku amati ndi adani kuyambira iwo ali mtsikana. Mu ndime yomaliza tinali ndi anthu awiri pa mabesi, awiri atatuluka kale. Womenya wathu, mphunzitsi wa kusekondale, anamenya mpira wokwera womwe tonse tinauperekeza ndi maso mpaka kumpanda, mnyamata wa kumeneko n'kuuwakha msana utagunda waya, chimanga chikugwedezeka kumbuyo kwake. Ulendo uno sindinaimirire. Agogo analemba kachizindikiro kawo, kujambula mzere pansi, n'kutseka buku.

Ndinkayesa zathera pomwepo, koma pali lamulo lomwe sindinalimvepo pa masewero ena alionse. Timu yomwe yapita ku mpikisano wa boma imaloledwa kubwereka oponya angapo kuchokera ku matimu a m'dera lake omwe atuluka. Lolemba kuntchito Mamanzere anandionetsa foni: adani athu aja amusankha. Ndinamufunsa ngati avomera. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. Wakhala akusewera zaka zoposa khumi osapondako kumeneko.

Ndiye Loweruka lina mu August tinanyamuka m'mamawa, magalimoto anayi a kumudzi wa timu yathu, kupita kukachemerera anthu omwe anatitulutsa. Bwalo la mpikisano linali ndi denga la matabwa pamwamba pa oonera, udzu wometedwa mokhala ndi mizere, anthu mazanamazana. Agogo anabwera ndi buku lawo ngakhale si timu yawo. Wobwerekedwa amavala yunifolomu ya kwawo, choncho mu ndime yachisanu ndi chiwiri, woponya wawo atatopa n'kudzaza mabesi, tinaona munthu mmodzi wa malaya osiyana ndi anzake onse akutuluka pa benchi, kudumpha mzere woyera, n'kukwera pa kachulu. Anaponya mipira 11. Womenya woyamba anaphonya katatu, wachiwiri anamenya kampira kofooka kobwerera kwa iye mwini. Achikulire osamalira bwalo, omwe sindinawamvepo akukweza mawu chiyambire May, anakuwa mpaka chipewa kugwa. Timuyo inagonjabe tsiku limenelo, koma zigoli zonse zinalowa Mamanzere asanalowe, ndipo agogo anaonetsetsa kuti aliyense wa m'galimoto mwathu waona tsambalo.

Sabata yotsatira ndinapita kukathandiza kutseka bwalo: kuzula mabesi, kukulunga maukonde, kulowetsa zonse m'shedi. Achikulire anandibweretsera thumba la chimanga chotsekemera chija amagulitsa m'mbali mwa misewu mu August. Ndinathokoza, koma ndinawapempha chinthu china. Munda wa kuseri kwa mpanda ndi wa mphwawo, ndiye ndinafunsa ngati ndingathyoleko zitatu. Anati n'cha ng'ombe. Ndinati ndikudziwa. Ndinalowa, ndinasankha zokhwimirako pozitsina ndi chikhadabo, ndipo potuluka ndinapondanso mpira umodzi womwe ana anauphonya. Tinayatsa makala kuseri kwa kashedi ka mabaga, ndinaotcha mmene timaotchera pa Dedza, kutembenuza mpaka chachita mawangamawanga. Achikulire analuma, anatafuna nthawi yaitali, n'kunena kuti n'cholimba. Kenako anatenga chachiwiri, ndipo ali m'kati motafuna anandiuza kuti chipale chikasungunuka mu April ndidzabwere msanga, kachulu kafunika kumangidwanso.